Kusema giya ya mano 21 kuti lathe ya mainchi idule mazinga a mamilimita

Lathe zazing'ono zambiri, makina aja osemera chitsulo chikuzungulira, zimatipeza ngati kaunjika. Mwini wake woyamba anali ku America, ku Britain kapena ku Joni, inu mwangoilandira ndi kathumba ka magiya a pulasitiki, ena mano atagweluka kale. Zonse zimayenda bwino mpaka tsiku limene mukufuna kudula bawuti ya M6, n'kupeza kuti tebulo lomata pachivundikiro likungokamba za mainchi. Mukadula chomwecho nati imalowa mazinga atatu kapena anayi, kenako n'kukakamira.

Giya imene ikusowa mungathe kuisema nokha pa lathe yomweyo, popanda makina ena. Ndifotokoza za lathe zija za ku China zimene amazitchula kuti 7x12 kapena 7x14, monga Sieg C2 ndi C3, koma njira yake ndi yomweyo pa Myford kapena South Bend, manambala okha ndiwo asintha.

1. Yambani mwayeza leadscrew

Leadscrew ndi chitsulo chachitali cha mazinga chija chimene chimakoka carriage, kangolo konyamula mpeni. Lathe zimenezi zilipo za mitundu iwiri ndipo ndi maso simungazisiyanitse: ina ili ndi mazinga 16 pa inchi, ina mazinga ake ndi otalikirana 1.5 mm. Pukutani girizi, ikani vernier pansonga ya zinga limodzi, muwerenge mipata 16. Mukapeza 25.4 mm, yanu ndi ya mainchi ndipo zinga lililonse ndi 1.5875 mm. Mukapeza 24 mm, yanu ndi ya mamilimita kale, M6 muidula ndi magiya amene muli nawo. Zolembedwa pachivundikiro musazikhulupirire kwambiri, chifukwa pa makina akale anthu amasinthanitsa zivundikiro.

2. Masamu ake, ndi chifukwa chake ndi 21 osati 127

Magiya a kumbuyo ali ndi ntchito imodzi: kuuza leadscrew kuti izungulire motani chuck, yogwira chitsulo chimene mukusema, ikazungulira kamodzi. Amakhala anayi. A amatenga mphamvu kuchokera ku spindle, shafuti yozungulitsa chuck, n'kuyendetsa B, C ali pa shafuti imodzi ndi B, ndipo C amayendetsa D amene ali pa leadscrew. Chiwerengero chake ndi A kugawa ndi B, kuchulukitsa ndi C kugawa ndi D. Chimenecho mukachichulukitsa ndi 1.5875 mwapeza kutalikirana kwa mazinga amene mudule.

M6 wamba mazinga ake ndi 1.0 mm. Gawani 1.0 ndi 1.5875, mupeza 0.62992, chimene ndi 80 pa 127 ndendende. Nambala 127 imatulukira paliponse mainchi akakumana ndi mamilimita, chifukwa kuyambira 1959 inchi inakhazikitsidwa kuti ndi 25.4 mm, ndipo 25.4 ndi 127 kugawa ndi 5. Tsoka lake 127 sigawika ndi nambala ina iliyonse, ndiye simungaiphwanye kukhala timagiya tiwiri tating'ono. Pa lathe yathuyi giya ya mano 127 ingakhale 129 mm mulifupi, chimbale chonse, ndipo kumbuyoko malo ake palibe.

Apa ndi pamene 21 imalowera. Tengani 63 pa 100, chimene ndi 0.63. Chasiyana ndi 0.62992 pang'ono zedi, ndipo 63 ndi 21 kuchulukitsa ndi 3. Ikani A ya mano 60, B ya 40, C ya 21, D ya 50. Werengani: 60 pa 40 ndi 1.5, 21 pa 50 ndi 0.42, zonse pamodzi 0.63. Mazinga atuluka 1.000125 mm. Kulakwika kwake ndi 0.125 mm pa bawuti yotalika mita yathunthu. Nati ya M6 ndi yokhuthala mamilimita asanu okha, singamve kanthu. Magiya a 40, 50 ndi 60 amabwera kale ndi lathe, ndipo 21 yomweyo idzakuthandizaninso pa 1.25 mm ya M8 ndi 1.5 mm ya M10. Ine ndimati amene akulimbana ndi 127 pa kalathe kotere akufuna kupha mbewa ndi nkhwangwa.

Manambala anayi omwewo mungawasanje mwina, koma si masanjidwe onse amene amakwana. Mukaika 21 pa A ndi 60 pa C, giya ya 60 imayandikira kwambiri shafuti ya A. Musanadule chitsulo chilichonse, mangani magiya enawo ndi ya mano 20 m'malo mwa 21, muone ngati zikufikana popanda kukhulana.

3. Dziwani mtundu wa mano

Giya yatsopano iyenera kulumana ndi zakale, choncho mano ake akhale a msinkhu womwewo. Tengani giya ya mano 40, yezani mulifupi mwake kunja kwa mano, mugawe ndi 42, ndiye kuti mano ake kuphatikiza 2. Mukapeza 42 mm, yankho ndi 1, ndipo magiya anu ndi a module 1 (module ndi muyezo wa msinkhu wa mano m'mamilimita), monga zilili pa lathe za ku China zimenezi. Myford ML7, imene inayamba kupangidwa ku Nottingham mu 1946, magiya ake ndi 20 DP (DP ndi muyezo wa msinkhu wa mano pa magiya a mainchi), ndipo ya mano 40 imakwana 53.3 mm. South Bend ya mainchi 9 ndi 18 DP. Akale amenewa mano awo ndi opendekeka madigiri 14.5 pamene a module 1 ndi madigiri 20, choncho sangasakanizidwe ngakhale ataoneka ngati akulowana.

Pa module 1, giya ya mano 21 miyeso yake ndi iyi: kunja 23 mm, kuya kwa dzino 2.25 mm, pansi pa mano 18.5 mm. Bowo lapakati ndi 12 mm, kukhuthala 8 mm. Mpata wa kiyi yezani pa giya yanu, chifukwa lathe zina ndi 3 mm zina 4 mm.

Taonani manambalawo bwino. Pakati pa bowo ndi pansi pa mano patsala 3.25 mm yokha, ndipo mpata wa kiyi udyapo pafupifupi theka. N'chifukwa chake giya iyi sindiipanga ndi pulasitiki, kaya yosema kaya yochokera mu makina a 3D. Imang'ambika pa kiyi pomwepo. Bulasi ndiye wabwino koposa, amasemeka mofewa ndipo sasiya nyenyeswa zomatirira. Aluminiyamu wa ndodo nayenso amatha. Wosungunula ngati wa miphika uja mupeweni, amakhala ndi timabowo m'kati ndipo dzino limathyokera pomwepo. Chitsulo chimatheka, koma ndi njira ya pamanja imene ndifotokozeyi mkono udzakuuzani. Magiya ena a pulasitiki asiyeni momwemo, ndiwo amathyoka m'malo mwa leadscrew mpeni ukagunda chuck.

4. Konzani chimbale cha giya ndi mtengo wochigwirira

Gwirani ndodo ya 25 mm mu chuck, salazani nkhope yake, boolani ndi 11.5 mm, mumalize bowolo ndi mpeni wa m'kati kapena reamer mpaka shafuti ya giya ilowe mothina koma osamenya ndi hamala. Mpata wa kiyi udulidwe pompano chisanachoke mu chuck: zimitsani makina, mangani kampeni kofanana ndi kiyi m'lifupi, kaloze cham'mbali pakati penipeni pa bowo, ndipo muzikankha carriage ndi dzanja, kulowa ndi kutuluka, uku mukuwonjezera 0.05 mm ulendo uliwonse. Amene ali ndi dzanja lokhazikika atha kugwiritsa ntchito tupa kakang'ono ka ngodya zinayi. Kenako dulani chimbalecho pa 8 mm. Dulani ziwiri. Mudzandithokoza.

Tsopano mtengo wogwirira chimbale. Tengani chitsulo china, chituluke mu chuck osapitirira 40 mm, museme kumapeto kwake 12 mm kutalika 7.5 mm, ndipo kumbuyo kwa phewa mutsitse mpaka 17 mm kwa mamilimita 15 kuti mpeni uzipeza potulukira. Boolani kutsogolo muikemo bawuti ndi washala yosapitirira 17 mm. Mtengo umenewu usachokenso mu chuck mpaka giya itatha. Mukauchotsa n'kuubwezera, sudzakhalanso pakati, ndipo giya yanu idzathina mbali ina n'kukhwepa mbali ina. Mangani chimbale, museme kunja kwake mpaka 23 mm, kapena kucheperako ndi 0.05 mm. Kupitirira ayi.

5. Kugawa bwalo pa 21

Ntchito yonse yagona apa. Dzino losaoneka bwino limayendabe, koma mano otalikirana mosiyana amalemba cholakwa chawo pa bawuti iliyonse imene mudzadule.

Amene ali ndi dividing head ya 40 pa 1, chipangizo chogawira bwalo mofanana, alibe vuto: dzino lililonse ndi kuzungulira kamodzi ndi mabowo 19 pa mzere wa mabowo 21. Pa rotary table ya 90 pa 1 ndi kuzungulira kanayi ndi mabowo 6 pa mzere womwewo wa 21. Enafe timabwereka mano kwa chinthu china chimene chinagawidwa kale ku fakitale. Chofunika ndi chozungulira cha mano 21, 42, 63 kapena 84. M'kathumba ka magiya a lathe mulibe, koma kwa ogulitsa zipangizo za njinga muli: sipuloketi yakumbuyo ya njinga yamoto ya mano 42, kapena chimbale cha patsogolo cha njinga yakapalasa cha mano 42. Werengani manowo nokha pamaso pa wogulitsa, kawiri. Gulani yatsopano, chifukwa yakutha mano ake anapindika kale ndi tcheni.

Ubwino wa sipuloketi ndi kukula kwake. Ya mano 42 ya tcheni cha 12.7 mm imakwana pafupifupi 170 mm, pamene giya yanu ndi 21 mm polumana mano. Cholakwa chilichonse cha kumphepete kwa sipuloketi chimafika pa giya chitachepa kasanu ndi katatu. Kukhwepa kwa 0.2 mm kumeneko ndi 0.025 mm kuno.

Sipuloketiyo imangidwa kumbuyo kwa spindle. Chotsani chivundikiro ndi magiya onse. Spindle ili ndi bowo la 20 mm lopyoza. Semani ndodo yolowa m'bowomo mothina, iboolereni bawuti yaitali pakati, ndipo kumapeto kwake muidule mopendekeka ndi sowo kuti mukamanga bawuti zidutswa ziwirizo zitsetserekane n'kugwira khoma, monga chimagwirira chiwongolero cha njinga. Kunja kwake ikani chimbale chokhala ndi phewa lolowa bwino m'bowo la sipuloketi kuti ikhale pakati. Chotsekera, choimitsa sipuloketi kuti isasunthe mukamadula, ndi chitsulo chaphanthi cholimba, chomangidwa pa benchi kapena pa thupi la lathe, chokhala ndi kachitsulo kozungulira kumapeto kofanana ndi kagudumu ka tcheni, kogwera m'mpata wa mano. Chikagwera, gwirani chuck muyese kuigwedeza. Ikasuntha ngakhale pang'ono, konzani kaye. Ena amakulunga chingwe pa chuck n'kupachika mwala kuti nthawi zonse izikokera mbali imodzi, ndipo zimathandizadi.

Sipuloketi ikasowa, semani thabwa lozungulira, mulikulunge ndi chidutswa cha tepi yachitsulo yoyezera. Muzilisema pang'onopang'ono mpaka 0 ndi 420 mm zikumane ndendende, pamenepo thabwa lili pafupi ndi 133.7 mm. Dzino lililonse ndi 20 mm pa tepiyo, ndipo muloza ndi singano yokhazikika n'kumanga spindle. Tepi ya telala ayi, imatamuka.

Pa mano 42 mudzalumpha mpata umodzi nthawi zonse. Tengani penti kapena choko, mulembe mipata imene mudzagwiritse ntchito, 1 mpaka 21, musanayambe. Giya yanga yoyamba ndinadalira mutu. Pa dzino la 14 wina anandiitana pakhomo, nditabwerako ndinasuntha mpata umodzi m'malo mwa iwiri, ndipo mpeni unadya dzino pakati. Ntchito ya masana onse inathera m'chitini cha zinyenyeswa.

6. Nolani mpeni

Mipeni yogula yodulira magiya imabwera isanu ndi itatu pa module iliyonse, ndipo uliwonse uli ndi mano ake. Wa mano 21 mpaka 25 ndi nambala 4 pa ya module, koma pa ya DP ndi nambala 5, chifukwa awiriwa amawerenga mosemphana. Muziwerenga mano olembedwa pa mpeniwo, osati nambala yokha. Koma imeneyo imafuna makina a milling. Ife tinola wathu.

Tengani HSS, chitsulo cholimba chopangira mipeni ya lathe, ya 6 mm. Chitsanzo chanu ndi giya ya mano 20 ya m'kathumba: mpata wa pakati pa mano ake ndi wofanana kwambiri ndi wa 21. Nolani nsonga ya mpeni kuti ilowe m'mpata umenewo n'kuudzaza. Mbali zake si zowongoka ngati V, ndi zolowa m'kati pang'ono, chifukwa dzino ndi lotukuka m'mbali. Yambani pa gilayinda, gwiritsani ntchito ngodya ya mwala imene yakulungika, mumalize ndi kamwala kozungulira ka pamanja. Muziyang'ana pa kuwala: ikani mpeni m'mpata, kwezani ku dzuwa, pamene pakudutsa kuwala ndiye pamene simunafike kapena mwapitirira. Mbali ziwirizo zifanane, ndipo nsonga ifike pansi. Zimatenga ola, nthawi zina kuposa, ndipo si ola lotayika.

Kumbukirani kuti mpeni uwu udula chopita ku chuck, osati chozungulira. Nkhope yake yodulira iyang'ane ku chuck, ndipo kumbuyo kwa nkhopeyo mbali zonse zitsike madigiri 5 kapena 7 kuti zisakhule. Pa bulasi nkhope ikhale yowongoka, pa aluminiyamu ipendekeke pang'ono.

Poumanga, pakati pa nsonga pakhale pa msinkhu wa pakati pa lathe ndendende. Yerekezani ndi nsonga ya centre ya ku tailstock, muwonjezere timalata pansi mpaka zilingane. Ukakwera kapena kutsika, mano onse adzaweramira mbali imodzi ngati chimanga cha pamphepo, ndipo giya idzalira mbali ina pozungulira.

7. Kusema mano

Zulani pulagi kukhoma. Manja anu akhala pafupi ndi chuck kwa maola, ndipo sipuloketi ili kumbuyo. Mangani top slide kuti isasunthe, thinitsani tizomangira ta cross slide, yolowetsa mpeni chopingasa, ndi ta carriage kuti pasakhale kugwedera.

Tembenuzani chimbale pa mtengo wake kuti mpata wa kiyi ukhale pansi pa dzino, osati pansi pa mpata wa mano, kenako mangani bawuti kwambiri. Gwetsani chotsekera pa nambala 1. Bweretsani mpeni mpaka ungokhudza chimbale, kapepala kopyapyala kakakamire pakati, ndipo ikani dial pa 0. Pa lathe zambiri zoterezi kamzere kamodzi ka dial ndi 0.025 mm, ngakhale pena amalembapo 0.001 ya inchi. Tsimikizani ndi vernier: zungulitsani kamodzi kathunthu muone ngati cross slide yayenda 1 mm. Zikatero, 2.25 mm ndi timizere 90, kapena kuzungulira kawiri ndi timizere 10.

Bwezerani carriage kumanja, lowetsani timizere tiwiri, kankhani carriage ndi gudumu lake mpaka mpeni utulukire kuseri, bwererani, lowetsaninso. Poyamba zimapepuka chifukwa nsonga yokha ndiyo ikudya. Mukamalowa, mbali zonse ziwiri zimayamba kudula ndipo mumva kulemera. Pamenepo tsikirani ku kamzere kamodzi. Mukakakamiza, mtengo umapindika ndipo mpeni umakumba. Aluminiyamu muzimudontheza palafini, bulasi safuna kanthu. Mpata umodzi umadya maulendo 50 kapena 60, ndiye giya yonse ndi maulendo opitirira 1,000. Yatsani wailesi.

Musamalize mpata uliwonse mpaka pansi. Imani pa 2.1 mm, tulutsani mpeni, pitani pa nambala yotsatira. Mukazungulira yonse 21, yang'anani dzino lomaliza: likhale lofanana ndi anzake. Tsopano lowetsani 0.05 mm, muzungulire mipata yonse osakhudzanso dial, kenanso chimodzimodzi mpaka 2.25 mm. Mukatero mipata yonse imakhala ya kuya kumodzi. Dial muziifikira cholowa nthawi zonse. Mukapitirira, bwererani theka la kuzungulira n'kuyambiranso, chifukwa cross slide ili ndi kukhwepa kwake.

Musanamasule, yezani. Ikani milomo ya vernier kukumbatira mano atatu: giya ya mano 21 ya module 1 iyenera kupereka 7.67 mm. Pakati pa 7.60 ndi 7.67 ndi bwino. Ikapitirira, mano ndi onenepa, lowetsaninso kamzere kamodzi muzungulire. Yezani malo anayi osiyana. Tengani giya ya 50 muigubuduze pamwamba ndi dzanja, mumve ngati pali pamene ikudumpha. Zikakhala bwino masulani, chotsani nyenyeswa za m'mphepete ndi tupa, mutsuke.

8. Kuimanga ndi kudula bawuti yoyamba

Chotsani sipuloketi ndi ndodo yake musanabwezere pulagi. Mangani 60, 40, 21, 50. Pothinitsa, lowetsani kachidutswa ka pepala la m'kope pakati pa magiya awiri olumana, akanikizeni, mangani nati, kenako zungulitsani kuti pepala lituluke. Mpata wotsalawo ndi wokwanira. Zungulitsani chuck ndi dzanja kangapo mumve ngati pali pothina.

Semani ndodo mpaka 5.9 mm, mangani mpeni wa madigiri 60, ikani liwiro lotsikitsitsa. Ulendo woyamba mungokanda chabe. Imitsani, gonekani bawuti ya M6 yogula pamwamba pa mikandoyo, kapena yezani mipata 10 ndi vernier: ikhale 10 mm. Mukapeza zina, mwasinthanitsa B ndi C, zimachitika.

Chinthu chimodzi chasintha tsopano. Kawotchi ka mazinga kaja ka pambali pa carriage kamagwira ntchito pa mainchi okha. Pa mamilimita, mukatseka half nut, nati yolumikiza carriage ku leadscrew, musaitsegulenso mpaka bawuti ithe. Mukafika kumapeto, imitsani mota, tulutsani mpeni, bwezani mota chambuyo mpaka carriage ipitirire poyambira, lowetsani mpeni, yambaninso. Mukaitsegula pakati pa ntchito, mpeni udzagwera pakati pa mazinga n'kuwaphwanya. Kalathe aka sikaima nthawi yomweyo, choncho semani kamkwasa kumapeto kwa mazinga kuti mpeni upeze popumira, kapena maulendo omaliza muzizungulitsa chuck ndi dzanja. Kuya kwa mazinga a M6 ndi pafupifupi 0.61 mm. Mukafika pa 0.55 mm yambani kuyesa nati, ndipo muziwonjezera kamzere kamodzikamodzi mpaka iyende ndi zala kuchokera kunsonga kufika kuphewa.